Mtsuko Wodontha Dala

Nellmapius, Lamulungu masana

Takondwa mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi iwe uli kusaluni kokamangitsa tsitsi, abambo ako ali pakhonde akunola sheyala yawo yodulira maluwa ngati kuti mawa ndi tsiku wamba. Mawa m'mawa ukwera takisi ya ku Hatfield ndi sutikesi ndi bulangeti, kukayamba maphunziro a ku yunivesite. Wina atamva kuti mtima wanga ukulira angaseke, chifukwa ku Hatfield si ku Ntcheu, ndipo ine ndimadutsako sabata iliyonse popita kokachapa ndi kusita kwa abwana anga. Koma mayi sayeza kutalika kwa ulendo wa mwana ndi takisi. Ndikanakuuza zonsezi pakamwa, koma umandidziwa, ndikayamba ndi malangizo ndimathera mumkangano. Komanso chichitikire nkhani ya mtsuko ija, ine ndi iwe timangolankhulana za mchere ndi za magetsi ngati anthu ongogawana chipinda. Choncho uwerenge ukafika, utakhala pansi, usanamasule bulangeti. Ndikubwereza: usanamasule bulangeti.

Ndiyambe ndi chimene aliyense m'nyumba muno akuchidziwa koma palibe akuchitchula. Ndili ndi nsanje, mwana wanga. Ndikuchitira nsanje Mme Refilwe wako, mphunzitsi wa zoumbaumba wa ku yunivesite uja amene anabwera kusukulu kwanu chaka chatha kudzasankha ana oti azikaumba naye Loweruka lililonse. Mayiyo sanandilakwire kalikonse. Sindinalankhule nayepo ngakhale moni. Koma dzina lake linalowa m'nyumba muno ngati utsi wa kwa aneba, ukatseka chitseko ukulowera pawindo. "Mme Refilwe akuti mitengo ya kuno siifuna madzi ambiri." "Mme Refilwe akuti dongo silifuna munthu wopupuluma." "Mme Refilwe amamwa tiyi wopanda shuga." Ndipo iwe nawe unasiyadi shuga! Ine ndakhala ndikukuletsa shuga kuyambira uli ndi mano amkaka, osandimvera, wina wangomwa tiyi wake osanena kanthu iwe watembenuka mtima. Ndikudziwa kuti kuno mayi aliyense wamkulu amatchulidwa kuti Mme. Koma likamatuluka pakamwa pako limandilasa.

Ntchito yanuyo ndi yabwino, sindikana. Kudzala pakampasi mitengo yachilengedwe ya dziko lino m'malo mwa yobwera, pambali pa mtengo uliwonse n'kukwirira mtsuko woumbidwa ndi wophunzira mpaka m'khosi, pamwamba n'kungotsala chivundikiro choumbidwa mwaluso kuti odutsa aziima n'kumayang'ana, amene anaganiza zimenezo mutu wake umagwira. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti ntchito imeneyi ndi ya dongo. Ukanapita kukaphunzira zamalamulo kapena unamwino, bwenzi ndikungonyada osamvetsa kanthu, tulo n'kumagona bwinobwino. Koma wasankha chinthu chokhacho chimene manja anga amachidziwa, n'kukachiphunzira kwa munthu wina.

Nsanjeyi si yachilendo kwa ine. Ndili mtsikana kwathu ku Ntcheu tinkaumba mitsuko ndi mbiya pakhomo pa azakhali anga a Nasikelo, ine ndi mwana wawo, msuweni wanga Esinati. Esinati anali ndi dzanja la khosi. Mtsuko wake khosi linkatuluka lowongoka bwino, langa linkapendekeka ngati la munthu wosinza m'basi. Tikapita nayo kumsika wa ku Lizulu, azimayi ankayamba kunyamula yake, kuigogoda ndi chala, yanga n'kumangoilambalala. Ukuganiza kuti ndinachita chiyani? M'malo mokhala pafupi kuti ndione mmene amachitira, ndinayamba kuumba nditamufulatira. Chilimwe chonse ndinamuonetsa msana, ndipo chilimwe chonse makosi anga anakhalabe opendekeka. Tsiku limene azakhali anatopa nane n'kunditembenuza ndi mapewa, ndinaona kuti nkhani yonse inali yakuti Esinati ankaimirira n'kumayenda chobwerera m'mbuyo kuzungulira mtsuko, chitsononkho chili m'manja, pamene ine ndinkakhala pansi n'kumapotokola mkono. Basi, zomwezo. Kumene ukupitako ukapeza ana oumba bwino kuposa iwe, ena obadwira m'nyumba za mabuku ndi utoto. Mtima ukakupweteka usakadabwe, waulandira kwa ine. Koma usakawafulatire, Takondwa. Amene ntchito yake yakupweteka kwambiri, ukakokere mpando wako pafupi ndi iyeyo.

Titafika ku Joni ndi abambo ako tinkagona ku Sunnyside, m'fulati ya pamwamba, chipinda chimodzi mabanja awiri, pakati pali katani. Dothi lokhalo limene ndinkaliona kumeneko linali la m'timiphika ta maluwa pamawindo a anthu ena. Ndinkaona akazi a m'maofesi akukwera takisi zikhadabo zili psuu, ndikayang'ana zanga zong'ambikang'ambika ndinkabisa manja m'chitenje. Ndinalumbira mumtima kuti mwana amene ndidzabereke kuno sadzagwira dothi. Titasamukira ku Nellmapius iwe utayamba kuyenda, mvula ikagwa unkathamangira kuseri kukaumba ting'ombe ndi timbale. Ine n'kumakukwapula timanja, kukukokera pabeseni, kukusambitsa ndi sopo mpaka kulira. Mwina sukukumbukira. Ndiye taona mmene zakhalira: dongo ndinakulanda ndine, wina wadzakubwezera, ine n'kumukwiyira. Abambo ako akandiuza zimenezi ndimawayankha kuti akayang'ane maluwa awo, koma sanama. Usakabise chimene manja ako amadziwa. Ndipo anzako akakakufunsa kuti amayi ako amagwira ntchito yanji, ukawauze zonse ziwiri, kuti amachapa zovala za anthu ndiponso ndi oumba mbiya. Usakasiyeko china chifukwa cha manyazi.

Popeza ndayamba kunena zoona, ndimalize. Nsanje ina ndimachitira iwe amene. Inde, mwana wanga wobereka ndekha. Mitsuko yanga anthu ankaigogoda, kuinyoza kuti aitsitse mtengo, kenako n'kukaiika kuseri kwa chitseko mumdima mpaka itasweka n'kusanduka phale lomwera nkhuku. Palibe anafunsapo kuti anaumba ndani. Yako idzakhala pakapinga wometedwa bwino, pambali pali kathabwa kolembedwa dzina lako, anthu ophunzira n'kumapendeketsa mitu pouyang'ana. Amayi a kutchalitchi akamandiuza kuti ndili ndi mwayi, ndimaseka nawo, koma m'katimu mumakhala kamtsikana ka ku Lizulu kakufunsa kuti nanga ine ndinalakwa chiyani. Ndikukuuza izi osati kuti uchepetse liwiro ayi. Thamanga ndithu. Ndikungofuna udziwe kuti munthu akhoza kukukonda ndi mtima wonse n'kumakuchitira nsanje pa nthawi yomweyo, ndipo ukakumana ndi wotere pakati pa anzako usafulumire kumutaya.

Ukukumbukira tsiku limene unabwera ndi kambande kamtengo m'kathumba kakuda, utakanyamula ngati khanda? Unati, "Amayi, taonani, uwu ndi morula, indigenous, Mme Refilwe andipatsa kuti ndiyesere kunyumba." Nditayang'ana masamba ake ndinauzindikira pomwepo, unali mfula, mtengo womwewo unali kuseri kwa khola la mbuzi kwathu, umene tinkayamwa zipatso zake n'kuswa nthangala ndi mwala mpaka zala kutupa. Ndikanatha kukukhazika pansi n'kukufotokozera zonsezo. M'malo mwake ndinati, "Ndiye mpaka ku yunivesite kukaphunzira mfula?" Nkhope yako inagwa. Abambo ako, amene akhala akudzala mitengo m'mayadi a anthu iwe usanabadwe, anangotenga khasu n'kufunsa kuti, "Tikumbe pati, mwanangu?" Iwo nsanje saidziwa, kaya chifukwa anazolowera kudzala mtengo n'kuusiyira mwini yadi. Chinthu chikakusangalatsa n'kukupwetekanso, uziyamba watulutsa chosangalatsacho, chinacho chikhoza kudikira. Ndiponso pa tsiku lodzala mitengo, azibambo ovala maovolosi amene akumbe maenje ukawapatse moni mmodzimmodzi, usakangowadutsa. Mayina a pa timatabwa adzakhala anu, koma matuza adzakhala m'manja mwawo, ndipo aliyense wa iwo ali ngati abambo ako.

Tsopano nkhani ya mtsuko. Umaidziwa, koma sunaimvepo kuchokera mbali yanga, chifukwa tsiku limenelo tinkangokuwa tonse. Unabwera nawo Lachisanu madzulo, mtsuko wako woyamba wowotchedwa mu uvuni wamagetsi wa ku yunivesite, kuti uukwirire pambali pa kamfula kaja. Unayamba kundifotokozera mmene umagwirira ntchito, koma unayamba ndi mawu aja akuti "Mme Refilwe akuti," ndipo ine ndinatsegula mpopi wa pasinki mwamphamvu n'kuyamba kugubuduza mbale. Sindinamve ngakhale liwu limodzi. M'mawa mwake iwe utapita kokaumba, ndinaupeza pakhonde pamene unausiya utauthira madzi. Thupi lonse la mtsukowo linali litanyowa, pansi pali chithaphwi. Ndikuuze zoona, ndinasangalala. Ndinati mumtima, ha, ameneyu ndiye mphunzitsi wamkulu uja, wophunzitsa ana kuumba zodontha! Kwathu mtsuko wodontha unali chamanyazi, azakhali ankauswa pamaso pako osanena kanthu. Ndinaphika phala lamadzimadzi, ndinalizunguza m'kati mwake, ndinauwamba pamoto wochepa, kubwerezabwereza mpaka timabowo tonse tinatsekeka. Ndinaubwezera pamalo pake ndikuimba nyimbo ya kwaya. Ndinkadikira tsiku limene udzanene kuti, "Amayi, mwautani mtsukowu kuti usiye kudontha?" ine n'kukuyankha modzichepetsa.

Iwe unaukwirira Lamulungu osasuzumira m'kati, kenako mayeso a matiriki anakumeza. Unauza abambo ako kuti azingowonjezera madzi mumtsuko akatsika, koma asathirire pamtengo, chifukwa mumafuna kuona ngati mtsuko pawokha ungakwanitse. Iwo anamvera. M'mawa uliwonse ankavundukula n'kupeza madzi ali pomwe anali dzulo. Dzuwa la Okutobala linaswa mtengo, kamfula kanafota, kanayoyola masamba, kanauma gwaa, mtsuko uli wodzaza pambali pake. Utaufukula n'kupeza chikhokho cha phala m'kati, unalowa m'nyumba dothi lili m'manja, misozi ili m'maso. "Eish, Amayi, it's supposed to leak! Umayenera kudontha! Ndi mmene mizu imamwera, pang'onopang'ono, pansi pomwepo. Ndinakuuzanitu!" Ndipo unandiuzadi. Ndinangoima ngati chitsa, pakamwa pokha n'kumayankha zopanda mutu. Kamtengo kanafa ndi ludzu madzi ali pomwepo, chifukwa ine ndinakana kumva mawu ochepa. Takondwa, nsanje imayamba yatseka makutu, zina zonse zimabwera pambuyo. Munthu amene sukumufuna akamalankhula, m'pamene uzitchera khutu kwambiri. Ngati n'kumuda, udzamuda bwino utamva zimene wanena.

Ndinkayembekezera kuti mayi uja akalipa, mwina akuchotsa m'gulu, kuti ndipeze chifukwa chenicheni chomudera. Ayi ndithu. Anakupatsa kambande kena ndi uthenga wakuti amayi ako asadandaule, anachita zimenezo chifukwa chokukonda. Ndikanakonda akanandituka. Munthu wakulanda mwana n'kukukhululukiranso, umamuika pati? M'pamene ndinalankhula mawu aja. Unali utandiuza kale kuti pa tsiku lodzala mitengo pakampasi, Loweruka loyamba sukulu ikatsegulidwa, wophunzira aliyense aitane wamkulu mmodzi wodzathira madzi oyamba mumtsuko wake. Ine ndinati, "Ukaitane Mme wakoyo, ife ndife opha mitengo." Iwe unangovomera kuti, "Sharp, Amayi," ndipo sunaitchulenso nkhaniyo mpaka lero. Loweruka limenelo ndi likubwerali. Ine ndinkaganiza kuti undinyengerera, undigwira mkono, unena kuti ayi Amayi, ndinu nokha. Usamalankhule mawu ongofuna kuti wina akutsutse, mwana wanga. Tsiku lina udzapeza wokuvomera, ndipo udzakhala nawo mawuwo wekha.

Mayeso ako atatha, Loweruka lina ndikuchokera kwa abwana ndinatsika takisi ku Hatfield dala. Ndinkafuna kumuona ndi maso anga munthu ameneyu. Ndinaima kunja kwa mpanda wazitsulo, pansi pa jakaranda, chikwama cha maovolosi anga chili kukhwapa. Munali pabwalo, gulu lonse, mukuponda dongo ndi mapazi. Ine m'mutu mwanga ndinali nditaumba chimayi chodzitukumula cha nsapato zazitali. Ndinapeza kamunthu kakafupi kopanda nsapato, tsitsi lopota lalitali litamangidwa pamwamba pa mutu ngati nkhata, magalasi ali pamphuno, kakuseka ngati mwana. Kenako anakuyandikira, ananyowetsa chala chake chachikulu n'kukupukuta dongo patsaya. Iwe sunazembe. Ine ndikati ndikukonze kolala pakhomo umati, "Amayi, I'm fine," khosi utalikhotetsera kumbali. Ndinabwerera kokwerera takisi, ndipo ndiwo za tsiku limenelo nonse munadandaula kuti zawawa mchere. Umukonde mayiyo, umulemekeze, utenge zonse zimene angakupatse. Koma udziwe kuti mphunzitsi amalandira ana atsopano chaka chilichonse. Chaka chamawa adzapukuta tsaya la mwana wina iwe ukuona. Tsiku limenelo usadzapse mtima, usadzasiye kuumba, usadzamufulatire mwanayo. Ndikuvomera kuti langizo ili theka latuluka m'chikondi, theka m'nsanje, koma ndi loona mbali zonse ziwiri.

Zina ndi zazing'ono, koma ndikapanda kuzinena sindine mayi. Uzidya chakudya chenicheni, osati mabanzi ndi zakumwa zoziziritsa zokha. Foni usamayende nayo m'manja pamsewu, ku Hatfield nakonso akuba amavala bwino. Juzi lakuda lija ndaliika pansi m'sutikesi, Juni akafika udzandithokoza. Manja ukachoka kudongo uzipaka mafuta asanaume, apo ayi adzang'ambika ngati anga. Anyamata onena kuti akufuna kukujambula chithunzi kuchipinda kwawo uziwauza kuti kuwala kwabwino kuli panja. Ndipo ukamabwera kumapeto a mwezi, Chingelezi chako ndi Chipedi chako uzilowa nazo ndithu, sindikuletsa, koma abambo ako uziwapatsa moni m'Chichewa, utagwada pang'ono. Sanena, koma zimawasangalatsa.

Chivundikiro chako ndinachiona. Usakwiye. Munthu ukabisa chinthu pansi pa bedi m'nyumba imene amasesa ndi amayi ako, sunabise. Ndinamasula thaulo lija unachikulungamo ndipo ndinapeza mutu wa mzimayi, tsitsi lopota litamangidwa ngati nkhata, timagalasi tili pamphuno. Ndinautembenuza uku ndi uku. Ndinafunafuna duku, ndinafunafuna mpata wa mano angawa, sindinapeze. Ndinakhala pabedi lako nditaufumbata mutuwo, ndipo kwa kanthawi manja anga anaganizira za simenti ya pansi. Sindinaugwetse. Chinandiletsa si chifundo ayi, ndi khosi lake. Unaliumba lowongoka kuposa la Esinati, ndipo ntchito yotere munthu woumba saiswa, ngakhale nkhope yake ikhale ya ndani. Ndinanyada, ndinaliranso, zonse ndinachitira pabedi pomwepo. Kenako ndinatenga ulusi wosokera n'kuyeza kukula kwa chivundikirocho kunsi kwake, chifukwa maganizo ena anali atandibwerera.

Mu Januwale, pamene unkagona kwa anzako ku Sunnyside ukugwira ganyu m'sitolo ya nsalu, ine ndi abambo ako tinapita kumtsinje wa kuseri kwa lokeshoni ndi khasu ndi ndowa. Tinapeza dongo, losafanana ndi la kwathu koma dongo ndithu. Ndisanayambe, abambo ako anati, "Mayi a Takondwa, ulendo uno mumvetsere kaye," n'kuyatsa pafoni kavidiyo kamene unawatumizira, ka Mme Refilwe akufotokoza za mitsuko yanuyo. Ndinamvetsera nditafulatira, koma ndinamvetsera mpaka kumapeto. Mayiyo ntchito yake amaidziwa. Ndalemba ndi dzanja langa, usadzandibwerezetse pakamwa. Kenako ndinachita zonse zimene azakhali ankandikalipira. Ndinawonjezera mchenga ndi utuchi m'dongo, sindinakulungize ndi mwala, phala sindinaliyandikire n'komwe. Manja ankakana, ankafuna kusalaza okha, ine n'kumawaletsa. Mtsuko woyamba unang'ambika pouma chifukwa cha chinyezi cha mvula. Wina unaphulika pamoto, amasitande eni nyumba n'kutuluka akukuwa kuti tiwawotchera yadi, mpaka abambo ako anawalonjeza kuti awametera mpanda wa maluwa. Womaliza unatuluka wamoyo. Uli ndi mawanga akuda a utsi, si wosalala ngati ya mu uvuni wamagetsi. Koma pouumba ndinaimirira, mawondo akulira, ndinayenda chobwerera kuuzungulira, ndipo khosi linawongoka. M'mbali mwake ndinadinda mizere ya kwathu ndi kansungwi, ngakhale ndikudziwa kuti idzaonedwa ndi mizu yokha.

Mtsukowo uli m'bulangeti lakolo, pakatikati, nditaukulunga ndi chitenje changa chobiriwira. N'chifukwa chake abambo ako akakamira kuti bulangeti alinyamula okha pamiyendo m'takisi, ndipo n'chifukwa chake ndati uwerenge kaye. Umasule pang'onopang'ono, pabedi, osati pasimenti.

Sindikukukakamiza. Ndikudziwa kuti unaumba kale mtsuko wina umene ukukudikira kukampasi, ndipo mwina malamulo a kumeneko salola wa m'manja mwa munthu wongochapa. Zikakhala choncho uziikamo maburashi ako, sindidzafunsa. Za madzi oyamba, sindikufuna kuzungulira monga ndinachitira paja. Ndikufuna kubwera Loweruka, ndipo ndikufuna kuti wothira akhale ine. Ndanena. Koma ngati unamuuza kale Mme Refilwe, usakamuchititse manyazi chifukwa cha ine, pakuti mawu okutuma kwa iye anatuluka pakamwa panga. Ndidzabwerabe. Ndidzaima kumpanda, malo ake ndikuwadziwa kale.

Dzulo iwe uli kokatsanzikana ndi anzako ndinatulutsa chivundikiro chako pansi pa bedi n'kuchiyesa pamtsukowo. Chinakhala bwinobwino, ngati anaumba munthu mmodzi. Choncho mutu wa Mme wakoyo ukhale pamwamba, anthu aziima n'kumaujambula ndi mafoni awo. Nsanje ndidzakhala nayo, sindikulonjeza kuti ndisiya. Ine undiike pansi pamene pali mizu. Mtsukowo ndinauthira madzi n'kuusiya kuseri kwa nyumba, ndipo lero m'mawa ndapeza chithaphwi chachikulu pansi pake. Ukudontha, mwana wanga. Ndaonetsetsa.

Ndine amayi ako,
Nangozo